Nsidze zikayamba kuwerama

Nsidze yomata siwerama yokha. Imene imawerama ndi nsidze yeniyeni, ija munabadwa nayo, itasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Ya pulasitiki ija imangotsatira kumene inzake yagwera. Mtsikana akaona pagalasi kuti malashi ake aloza pansi, ena apingasa, ena akumulasa m'diso akaphethira, amaganiza kuti guluu wachepa, n'kuyamba kufunafuna wina woonjezera. Mavuto ambiri a diso amayambira pamenepo.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa kuti nkhani ya malashi yasochera bwanji m'magazini ya mabanja athu. Inenso sindimata. Ndinakulira m'nyumba imene ngakhale ndolo sizinkalowa, ndipo chiphunzitso cha mpingo wathu, chakuti Mkhristu azioneka mwaulemu ndi mosadzionetsera, ndimachilandira ndi manja awiri. Koma tatengani foni muone zithunzi za ukwati umene munapitako Lamlungu lapitali, kapena za ana athu tsiku lolandira digiri. Muwerenge operekeza mkwatibwi amene ali ndi nsidze zawozawo. Ana amenewa ndi athu, amaimba m'makwaya athu ndipo amagona m'nyumba zathu. Zoti amate kapena asamate tipitiriza kukambirana nawo, ndipo tiyenera kutero. Koma mwana amene wamata kale ali ndi maso awiri okha, ndipo akaopa kutiuza kuti chinachake chavuta, amadzipatsa yekha chithandizo kuchipinda ndi zimene wazipeza m'dirowa.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndinaziphunzira nditakhala pa benchi. Mwana wa mlongo wanga, amene ndinamulera kuyambira ali sitandade 4, amagwira ntchito imeneyi pa saluni ina mu Blantyre, ndipo masiku ena ndikaweruka ndimamudikira pomwepo kuti tikwere limodzi minibasi. Ntchito yake imafuna mtima wa munthu wosankha mpunga. Kasitomala amagona chagada, maso ali otseka, kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Iye amaphimba nsidze zam'munsi ndi katepi, n'kugwira tizitsulo tiwiri topanira, timene iwo amati matwiza. Ndi kamodzi amapatula nsidze imodzi yokha pakati pa zinzake. Ndi kenako amanyamula ya pulasitiki, n'kuiviika tsinde lake m'kadontho ka guluu, n'kuimata pa nsidze yeniyeniyo, pafupifupi milimita imodzi kuchokera pa khungu la chikope. Guluu sayenera kukhudza khungu, ndipo nsidze ziwiri siziyenera kumatidwa pamodzi. Akatero amapita pa ina, mpaka diso lonse.

Chikope cha pamwamba chimakhala ndi nsidze pakati pa 90 ndi 160, ndipo sizikhala za msinkhu umodzi. Zina ndi makanda ongophuka kumene, zina zakhwima, zina zatsala masiku ochepa kuti zithothoke zokha. Palibe mayi amene amatwika mwana wa zaka zisanu ndowa ya malita 20, koma pa saluni zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Kansidze kakhanda kakapatsidwa lashi lalitali kamagonja pasanathe masiku atatu.

Pa bokosi la malashi pamalembedwa manambala, ndipo aliyense wofuna kumata ayenera kuwafunsa. Nambala ina imanena kunenepa kwake: 0.07, 0.10, 0.15 kapena 0.20 ya milimita. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma la 0.20 limalemera kanayi poyerekeza ndi la 0.10 la utali womwewo, osati kawiri. Nambala ina imanena utali. Nsidze zapamwamba za anthu ambiri zimakhala mamilimita 8 mpaka 12, ndipo amisiri osamala sapitirira mamilimita awiri kapena atatu pamwamba pa utali umene munthu ali nawo kale. Amene anagwirapo nsungwi yothyolera mapapaya akudziwa chifukwa chake. Nsungwiyo siilemera kwenikweni, koma ikatalika imakoka mkono ndipo nsonga yake imafuna pansi basi.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife makamaka. Ambiri a ife nsidze zathu ndi zopindika mwachibadwa, zina zimapita uku zina uko. Lashi la tsinde lowongoka likaikidwa pa nsidze yopindika limangogwira pa kamalo kakang'ono, ngati chigamba chosokedwa ngodya imodzi. Masiku awiri lagwira, lachitatu layamba kuzungulira. Mmisiri wodziwa ntchito amayang'ana kaye mmene nsidze zanu zinamerera asanatsegule bokosi lililonse.

Tsiku lina ndinamufunsa mwana uja chimene chimavuta kwambiri pa ntchito yake. Anati, "Azakhali, kumata sikuvuta ayi. Chovuta ndi kukaniza munthu amene wabwera ndi chithunzi cha pa Instagram ndiponso ndalama m'manja. Akufuna a mamilimita 16 pomwe nsidze zake ndi za 7. Ndikakana apita pa saluni ya pafupi, kumeneko amumata. Pakatha mlungu abwera kuno kuti ndimukonze."

Ngakhale atamatidwa bwino chotani, malashi amayamba kuwerama pakapita milungu, ndipo pamenepo palibe wolakwa. Nsidze yamoyo imakula pafupifupi milimita imodzi pa mlungu, ndipo pokula imanyamula lashi lija kulichotsa pafupi ndi chikope. Pakatha milungu itatu, mfundo ya guluu ija ili mamilimita atatu kapena anayi kutali ndi tsinde, pamene nsidze ndi yopyapyala. Apo lashi limalendewera kapena kutembenuka chammbali. N'chifukwa chake omata amabwerera ku saluni pakatha milungu iwiri kapena itatu kukadzazitsa. Pa ulendo umenewu ntchito yeniyeni ndi kuchotsa onse amene akulira kutali, kenako kuika atsopano. Wothamangira ndalama amangodzaza mipata n'kusiya akale aja ali lende, ndipo mtsikana amatuluka atalipira koma nsidze zikulemera kuposa mmene analowera. Amene akuganiza zomata chaka chonse awerengenso bwino: milungu iwiri kapena itatu iliyonse ndi maulendo 17 mpaka 26 pa chaka.

Tsono tibwere kukhitchini, kumene zithunzi za pa intaneti sizifikako. Malashi ambiri, ngakhale amene pa bokosi analemba kuti ndi a silika, ndi pulasitiki wotchedwa PBT. Kupindika kwake kokongola kuja anakupanga ndi kutentha ku fakitale, ndipo kutentha komweko ndi kumene kumakuchotsa. Kuvundukula poto wa nyemba nkhope ili pamwamba, kuvundula nsima pa mbaula, kuuzira moto, kutsegula uvuni, kuwerama pa chiwaya, kukhala m'chowumitsira tsitsi cha pa saluni, zonsezi zimawongola malashi, ndipo lawi likayandikira nsonga zake zimafota ngati ulusi wa thumba la feteleza. Lashi lowongoka ndi moto silibwereranso. Kwa ife amene Lachisanu timaphikiratu za masiku awiri, mtsikana amene wamata Lachinayi pokonzekera ukwati wa Lamlungu amadutsa pa moto wochuluka asanafike pa tsiku lake. Chothandiza ndi chaching'ono: kuvundukula poto chivundikiro chikuloza kutali, kudikira nthunzi ithe, ndi kukupiza moto ndi chikupiziro m'malo mouuzira ndi pakamwa.

Mafuta nawo ndi mdani wa guluu. Ife tinazolowera kuti tikasamba timadzola Vaseline kapena mafuta ena nkhope yonse mpaka m'zikope, makamaka m'miyezi ya June ndi July khungu likamauma. Mafutawo akafika pa mfundo, lashi limayamba kutereka pa nsidze, tsinde lake n'kutukuka, nsonga n'kugwa. Kugona chafufumimba nkhope ili m'pilo ndi kutikita maso podzuka kumamaliza ntchito. Mukaona malashi a diso limodzi awerama kuposa a linzake, funsani mwini wake mbali imene amagonera.

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha amene amaopa madzi. Amauzidwa pa saluni kuti asanyowetse tsiku loyamba, iwo n'kumva ngati anenedwa kuti asasambenso m'maso mpaka malashi atatha. Thukuta, fumbi la m'chilimwe, mafuta a khungu ndi manthongo zimaunjikana pa tsinde. Nsidze zimamatana, zimalemera, ndipo m'mphepete mwa chikope mumayamba kuyabwa, kufiira ndi kuchita nkhanambo. Malashi amafuna kutsukidwa tsiku lililonse kuposa nsidze zopanda kanthu.

Zonse ndanenazi ndi za malashi omata imodziimodzi. Pali ena otsika mtengo, amene amabwera m'timitolo, ndipo amamatidwa mphindi 15 zokha m'tisaluni ta mumsika, nthawi zina ndi guluu wakuda uja womatira wivi m'mutu. Kamtolo kamodzi kamagwira nsidze zinayi kapena zisanu pamodzi, kawirikawiri mpaka pa khungu. Nsidzezo sizikula mofanana. Imene ikukula msanga imakoka zinzake, imene yakwana nthawi yothothoka imalendewera pa zinzake, ndipo munthu amamva kuwawa akaphethira osadziwa kumene kukuchokera. Timitoloti anatipangira tsiku limodzi kapena awiri. Atsikana athu amakhala nato mwezi.

Chaka chatha mtsikana wina wa mumpingo mwathu anagogoda pakhomo panga usiku Sabata litatha, dzanja lili pa diso. Anali woperekeza pa ukwati wa mawa lake. Anamata timitolo Lachinayi, Lachisanu anathandiza kuphika, ndipo pofika m'mawa wa Sabata malashi a diso lamanzere anali atagwera pansi ngati udzu wa denga lakale. Kutchalitchi anakhala kumbuyo, mutu ali zyoli. Dzuwa litalowa anadzitsekera kuchipinda ndi kagalasi, tochi ya foni, kamtengo ka machesi ndi kachubu ka Super Glue kamene bambo ake amamatira nsapato. Dontho linatsetsereka, n'kumata zikope zonse ziwiri chakungodya.

Anabwera kwathu chifukwa ankadziwa kuti mwana uja amakhala ndi ine. Iye anangoyang'ana n'kunena, "Izi si za saluni, azakhali, tiyeni kuchipatala." Tinamuthira madzi oyera ambiri pa disopo osayesa kukanula zikope, n'kufuna galimoto. Adokotala anadula nsidze zomatanazo, n'kupeza kuti guluu wouma anali atakanda kakhungu koonekera ka pamwamba pa diso. Anapola patatha masiku angapo, koma pa mzere wa operekeza sanaimepo. Chimene chimandikhalabe mumtima ndi chakuti mwanayu anadutsa pa chitseko cha mayi ake, n'kuyenda mumdima ndi diso limodzi kudzafika kwa ine. Mayi akewo ndi mnzanga wa ku Dorika, munthu wofatsa. Mwana anangoganiza kuti akawauza, nkhani iyambira pa malashi, ya diso ibwera pambuyo.

Guluu wa malashi ndi Super Glue ndi a mtundu umodzi, wotchedwa cyanoacrylate, ndipo onse amauma msanga akakumana ndi chinyezi. Diso ndi lonyowa nthawi zonse. Ku saluni amagwiritsa kadontho kochepa kwambiri, maso a munthu ali otseka. Wodzimata yekha pagalasi sangatseke maso. Guluu ameneyu akagwera pa thonje amatenthanso, choncho kumupukuta ndi thonje pafupi ndi diso n'kuonjezera ngozi.

Nanga malashi akawerama, kunyumba tingachitenji? Tiyambe ndi kutsuka. Madzi oyera ndi thovu la sopo wopangidwira malashi, kapena wina wofatsa wopanda mafuta, diso lili lotseka, chala chikutsika mofatsa kuchokera pa chikope kupita kunsonga. Kenako kutsukuluza, kugunditsa kansalu koyera osapukuta mokhula, ndi kuumitsa ndi mphepo yozizira, ngakhale ya katoni yokupizira. Akauma, atenge kabulashi kozungulira kaja amapereka ku saluni, kakhale koyera ndi kake yekha, apese kuyambira pakati kupita kunsonga akukazunguza chokweza. Malashi ambiri amene amaoneka ngati awonongeka amakhala atangomatana ndi litsiro, ndipo akatsukidwa ndi kupesedwa amaimanso.

Amene akana kuima pambuyo pa zimenezi sangakonzedwe kunyumba. Kachitsulo kopanira nsidze kuti zipindike kamathyola lashi pa mfundo, nthawi zina pamodzi ndi nsidze yake. Masikara amangoonjezera kulemera. Kuzula lashi lopotoka ndi zala ndi kuzula nsidze yamoyo ndi muzu womwe, ndipo muzu ukazulidwa kawirikawiri umatopa, malowo n'kukhala dazi. Ku saluni amasenda lashilo ndi matwiza nsidze n'kutsala, kapena amapaka mankhwala osungunula guluu maso ali otseka. Mankhwala amenewo ndi aukali, si oti munthu adzipake yekha. Ngati pawerama ambiri mlungu woyamba womwe, ndiye kuti anali olemera kuyambira pachiyambi. Achotsedwe onse, ndipo ngati munthu akufunabe, aikidwe aafupi ndi opepuka. Amene ali kutali ndi mmisiri, ndipo palibe lashi limene likulasa diso, angodekha n'kumatsuka. Amagwa okha limodzilimodzi m'milungu ingapo.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la saluni. Chikope chotupa, diso lofiira kapena lopweteka, mafinya, kuopa kuwala, kuona mwachimbuuzi, kumva ngati muli mchenga umene sukutuluka. Pamenepo ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale likhale la Sabata. Ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ku Kamuzu Central mu Lilongwe ndi ku Nkhoma kuli mbali zoona za maso, ndipo chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi chingakuoneni kapena kukutumizani koyenera. Musathire m'diso mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena mankhwala otsala a munthu wina. Muonenso bwino ngati chowerama ndi malashi kapena chikope chenichenicho. Diso limodzi likachepa chifukwa chikope chatsika, makamaka mwadzidzidzi, pamodzi ndi mutu kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, imeneyo ndi nkhani ya mitsempha ndipo ndi ya changu.

Mu 2012 madokotala a maso a ku Japan anafalitsa zimene anaona pa amayi 107 amene anabwera kwa iwo atadwala maso chifukwa cha malashi. Ambiri anali ndi kutupa kwa diso kapena kwa zikope, ndipo guluu amene anamuyeza anapezeka ndi formaldehyde, mankhwala omwe aja amagwiritsa ntchito posunga mitembo. Thupi likhoza kulandira guluu maulendo angapo popanda vuto, tsiku lina n'kungomukana, zikope n'kutupa. Likayamba kukana nthawi zambiri silibwerera m'mbuyo, ndipo kusintha saluni sikuthandiza.

Ndikaona lashi lopotoka likulasa diso la mtsikana ndimakumbukira agogo anga ku Chikwawa. Ankasunga kachitsulo kopanira komangidwa pa mfundo ya chitenje, ndipo masiku ena ankaitana mdzukulu wa maso akuthwa kuti awazule nsidze zimene zinkaloza m'kati. Anali matenda a trachoma, amene amapinda chikope mpaka nsidze n'kumakanda diso kufikira munthu atachita khungu. Dziko lino linalimbana nawo zaka zambiri, ndi maopareshoni, mankhwala ndi uthenga wosambitsa ana kumaso, mpaka mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wawagonjetsa ngati vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kummwera kwa Africa kutero. Diso silisiyanitsa. Kaya ikulikanda ndi nsidze yopindidwa ndi matenda kapena ya pulasitiki yolipiridwa ndalama, chilonda chake ndi chimodzi.

Za utali ndili ndi maganizo anga, ndipo sindiwabisa. Mu 2015 akatswiri a pa Georgia Institute of Technology ku America anayeza nsidze za mitundu 22 ya nyama zoyamwitsa, kuyambira kanungu mpaka kadyansonga. Anapeza kuti mwa zonsezo utali wa nsidze ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutambalala kwa diso. Atayesa ndi mphepo, anaona kuti utali umenewu ndi umene umatchinjiriza bwino diso kuti lisaume ndiponso fumbi lisalowe, pomwe nsidze zazitali kwambiri zimakokera mphepo m'diso. Mlengi anayeza asanaike. Malashi aatali aja, kuonjezera pa kuwerama msanga, amaumitsa diso limene akulikongoletsa, ndipo mtsikana wokwera kabaza mu October amadabwa kuti misozi ikuchokera kuti.

Kwa mayi amene mwana wake watsimikiza zomata pa ukwati, pali mafunso amene angamuthandize nawo ngakhale asakugwirizana nazo. Kodi mmisiriyo amamata imodziimodzi kapena timitolo? Guluu wake ndi wa malashi, ndipo botolo analitsegula liti, pakuti likakhalitsa kapena kukhala padzuwa siligwira bwino? Matwiza amatsuka akamaliza munthu mmodzi? Angayambe wamuika ochepa milungu iwiri ukwati usanafike, kuti aone ngati thupi liwalandira? Mwana akamva mafunso otere kuchokera kwa mayi ake amadziwa chitseko choyamba kugogoda diso likavuta.

Malashi akachotsedwa, nsidze zimaoneka zazifupi ndi zapatalipatali, ndipo ambiri amathamangira kukamatanso kuti abise. Imeneyo ndiyo nthawi yozipumitsa. Ngati mizu sinaonongeke, zimabwerera m'miyezi iwiri kapena itatu popanda mankhwala alionse. Mwana wa mlongo wanga amabweza makasitomala otere, ena amachoka akunyinyirika, ndipo si onse amene amabweranso. Iye mwini samata. Nditamufunsa chifukwa chake anaseka n'kuti, "Ndi nsima imene mumandiphikitsa madzulo aliwonse ija, azakhali? Sangathe mlungu."